Loji ya m'munsi mwa Mulanje: tisalaze malo kapena tisiye miyala?

Mwana_wa_Likhubula: Abale anga m'gulu muno, ndithandizeni maganizo ndisanayambane ndi achemwali anga. Iwowo ali ku Leeds ku England, agwira unamwino zaka 14, ndipo tsopano akufuna thukuta lawo lonse alithire mu loji kwathu kuno, pamalo amene anatisiyira malume m'munsi mwa phiri la Mulanje, mbali ya ku Likhubula. Malowo ndi otsetsereka, pali miyala itatu ikuluikulu ndi mitengo ya masuku, ndipo ukaima pamenepo nsonga ya Chambe imaoneka ngati ungaikhudze ndi dzanja. Pulani imene wawajambulira mnyamata wina wa ku Lilongwe yafika dzulo. Nyumba yosanjikiza, magalasi abuluu aja odziyang'anirapo, nsanamira zoyera zinayi pakhomo, denga lofiira, mpanda wa njerwa kuzungulira. Miyala ija akuti aiphulitse, malo asalaze ndi katapila. Ine mtima wakana. Ikuoneka ngati nyumba ya ku Area 47 yosochera njira. Ndikawauza akuti ndimakonda umphawi. Kodi loji ya m'phiri iyenera kuoneka bwanji? Kapena ndine ndekha wamisala?

Kalulu265: Nsanamira zoyera zinayi? Achemwali akumanga loji kapena khoti?

MayiGeni_Limbe: Ndalama ndi za achemwali anu, achimwene, inu mwaikapo zingati? Ine ndili mu bizinesi yogoneka alendo zaka zambiri ndipo ndikuuzeni mosabisa. Amene amadzaza zipinda kuno ndi a mabungwe ndi a boma obwera kudzachita misonkhano, ndi a maukwati Loweruka. Mzungu wonyamula chikwama kumsana amabwera June mpaka September basi. Wa msonkhano amafuna holo, magetsi osathima, pooimika galimoto ndi matailosi owala. Mukamumangira kanyumba kobisala m'thengo anena kuti mwamubwezera kumudzi kumene anathawa.

Mapulani_MW: @MayiGeni_Limbe amayi, za holo ndi magetsi mwanena zoona, koma palibe amene wati amange zisakasa. Nyumba ikhoza kukhala ndi shawa yotentha ndi intaneti koma osalimbana ndi phiri. Ndipereke chitsanzo chimene tinkachikonda m'kalasi. Ku Norway, ku chigwa cha Valldal, kuli hotela ya Juvet imene anajambula a Jensen ndi Skodvin. Anayamba ndi tizipinda 7 tamatabwa, kalikonse pakokha, kataima pa timiyendo tachitsulo tozikika m'thanthwe. Sanaphulitse mwala, sanasalaze malo. Khoma limodzi kapena awiri ndi galasi lokhalokha, m'kati anapakamo zakuda dala kuti maso ako apite panja, ndipo anazitembenuza mwakuti palibe chipinda choyang'ana chinzake. Mawa atafuna kuzichotsa, malowo atsala pafupifupi mmene analili. Chimene mlendo amalipira kumeneko ndi mtsinje ndi phiri, chipinda n'chongokhaliramo poonera.

Kalulu265: Ndiye kuti ku Norway munthu amalipira madola kuti agone mu nkhokwe yagalasi.

Injiniya_Wopuma: Kalulu akuseka koma mosadziwa wanena mfundo yeniyeni. Nkhokwe ndi mphunzitsi wabwino wa kamangidwe ka pamalo otsetsereka. Makolo athu ankaiimika pamiyala kapena pamiyendo kuti madzi adutse pansi, mphepo idutse, chinyontho chisafike ku chimanga. Ine nkhani ya kukongola ndisiyira achinyamata, ndilankhula za madzi chifukwa ndi amene amagwetsa nyumba.

Mukasalaza malo otsetsereka mumachita zinthu ziwiri. Kumtunda mumadula phiri, kumunsi mumaunjika dothi limene mwakumbalo. Theka la nyumba limakhala pa nthaka yolimba, theka linalo pa dothi lothira. Dothi lothira limatsika pang'onopang'ono, ndiye pakatha mvula ziwiri kapena zitatu mng'alu umabadwa pakati penipeni pa nyumba. Kumtunda kuja mwadula kumafunika khoma lotchinga dothi, ndipo khoma limenelo likakhala lopanda timabowo totulutsa madzi ndi miyala ya kwale kumbuyo kwake, limasanduka damu. Mulanje si Salima. Mbali zambiri za phirili mvula imapitirira mamilimita 2,000 pachaka, ndipo pamwamba pake ndi thanthwe losamwa madzi, onse amatsika nthawi imodzi.

Miyala itatu imene mnyamatayo akufuna kuphulitsa ndi imene yagwira dothi la pamenepo kuyambira agogo anu asanabadwe. Mizu ya masuku chimodzimodzi. Ndipo mpanda wa njerwa wopingasa motsetsereka umatseka njira ya madzi. Tsiku limene adzatope kudikira, adzautenga mpandawo n'kupita nawo kwa oyandikana nawo a kumunsi.

Gogo_wa_pa_Migowi: Bambo injiniya mwalankhula ngati munaliko. Ine March wa 1991 ndinali ku Phalombe pamene Napolo anatsika ku Michesi. Miyala yaikulu ngati nyumba inkagubuduka ngati maungu, anthu mazanamazana anapita. Mu 2023 namondwe wa Freddy anabwereza, ku Nkhulambe, ku Muloza, ngakhale ku Soche mu Blantyre momwemo. Mwana wanga wa ku Likhubula, musanayitane katapila pitani kwa nkhalamba za m'mudzimo mukafunse kuti madzi akakwiya amadzera pati. Njira ya Napolo imadziwika. Pamene mukuona miyala yobulungira itandandalika mzere kutsika, sinamere pamenepo ayi, inabwera.

Mjoni_Weniweni: Agogo, ulemu wanu, koma Napolo ndi dothi lokhuta madzi basi. Njoka ya pansi pa phiri kulibe. Zimenezi n'zimene zimatibweza m'mbuyo.

Gogo_wa_pa_Migowi: Mutcheni dzina limene mukufuna, mdzukulu wanga. Akamabwera safunsa kuti mumamutcha ndani.

Injiniya_Wopuma: @Mjoni_Weniweni ine ndaphunzira za nthaka ndipo ndikapita pamalo achilendo ndimayamba ndi nkhalamba zomwezo. Zimene iwo amati njira ya Napolo, ife timati njira ya zigumukire zakale. Mapu ake ndi amodzi.

Potala_Wakale: Ine ndanyamula katundu wa alendo m'phirimo zaka zambiri, Chambe, Lichenya, Thuchila, Chisepo, Sombani, ndagona monsemo. Tinyumba ta pamwamba paja palibe kokongoletsa, matabwa, malata, khonde ndi pamoto pamiyala basi. Koma sindinaonepo mlendo akudandaula kuti kanyumbako n'konyansa. Amafika atatopa, amakhala pakhonde ndi tiyi, nkhungu ikutseguka pansi pawo, ena mpaka misozi. Amajambula phiri, kanyumbako kamangolowa m'chithunzi pakona. Koma tikatsika n'kudutsa pa maloji ena a m'munsi okhala ndi mababu oyera owala usiku wonse ngati pa filling station, omwewo amafunsa kuti kodi apa ndi pachipatala? Ukakhala pamwamba usiku umaziona nyali zimenezo zikubaya maso.

Kalulu265: Akulu a Potala, zoona kuti ku Sapitwa mumapeza nsima yotentha ili pamwala, ndipo ukaitana mnzako imasowa?

Potala_Wakale: Zaka zonsezo ine ndinapeza njala ndi matuza. Koma malamulo ake ndinkasunga, sindinkafuna kukhala woyamba kutsimikiza.

NyaKhondowe: Sapitwa ndi mamita 3,002, aliyense angaone nsima akafika pamenepo ndi njala.

Admin_Zomanga: Tabwererani ku loji abale. Za mizimu tsegulani ulusi wake.

MayiGeni_Limbe: Chabwino, za madzi ndagonja, bambo injiniya sindingatsutsane nawo. Koma ndifunse a Mapulani. Zanu zobisalazi ndani angazikwanitse? Nthawi zonse mukati "yogwirizana ndi chilengedwe" ndimadziwa kuti mtengo wake ndi wa madola. Mphunzitsi wa ku Chitakale sadzagonamo.

Mapulani_MW: Funso limenelo ndi lolemera ndipo sindilizemba. Ku Rwanda kuli Bisate Lodge, inatsegulidwa mu 2017 pafupi ndi Volcanoes National Park. Tinyumba 6 tozungulira ngati zisa, anatengera maonekedwe a nyumba ya mfumu ya ku Nyanza, tomangidwa m'chigwa cha phiri lakale lophulika, ndipo abzala mitengo yambiri yachilengedwe pamalo amene kale panali minda. N'kokongola zedi. Koma alendo ake ndi oti chilolezo chokha chokaona anyani aakulu aja, ma gorilla, amalipira madola 1,500 munthu mmodzi. Ife msika umenewo tilibe, ndipo kukopera Bisate ku Likhubula kungakhale kudzinamiza.

Koma taonani mbali inayi. Mu pulani ya achemwali, ndalama zambiri zikupita kuti? Katapila, wonga wophulitsira miyala, khoma lotchinga dothi, silabu ya nyumba yam'mwamba, zitsulo zake, magalasi ochokera kunja ogulidwa ndi ndalama zakunja zimene zikusowazi, mpanda. Zonsezo zisanabweretse mlendo ndi mmodzi yemwe. Tinyumba ting'onoting'ono tapayekhapayekha mukhoza kumanga tiwiri chaka chino, tiyambe kugwira ntchito, tina chaka chamawa. Nyumba yosanjikiza ndalama zikathera pa lintala ndiye kuti mwatsala ndi chigoba chimene tonse timachiona m'mbali mwa misewu, zitsulo zitaloza kumwamba zaka khumi.

Mjoni_Weniweni: Ingofolerani udzu basi, kuno ku Joni maloji ambiri a ku mapiri a Drakensberg ndi audzu. Mukapaka makoma girini nkhani yatha.

Fundi_wa_Zomba: Ayi akulu, pamenepo ndiye pamene ambiri amaphonya. Ine ndi mmisiri, ndafolera madenga audzu angapo. Udzu umafuna denga lotsetsereka kwambiri, madigiri 45 kapena kuposa, kuti madzi athamange. Kumalo a chiperoni, kumene kamvula kamawaza masiku anayi dzuwa osatuluka, udzu suuma. Umachita ndere, umawola. Onjezani moto wolusa wa mu September ndi October anyamata akamasaka mbewa, onjezani mphezi, kenako pitani mukafunse a inshuwalansi mtengo wa nyumba yaudzu. Ndinagwirapo ntchito pa loji ina, dzina sinditchula, mwini wake anamanga bokosi la simenti pamalo osalazidwa n'kuliveka chipewa cha udzu kuti lioneke lachikhalidwe. Patatha zaka zinayi tinabwerera kukasasula n'kukhoma malata. Udzu pamwamba pa bokosi uli ngati munthu wovala suti ndi nthenga kumutu.

Penti wa girini nayenso ndi bodza. Phiri si la girini chaka chonse. Thanthwe lake ndi lotuwa modera, udzu umafiira mu August. Malata akuda kapena otuwa osanyezimira amasowa m'maso kuposa a girini owala aja.

NyaKhondowe: Kwathu ku Livingstonia pitani mukaone Stone House ya Dr Robert Laws, ya 1903, ndi nyumba zina za mishoni. Zomangira zake zinachokera pomwepo chifukwa kukweza katundu kuchokera kunyanja kunali ntchito yoswa msana, ngakhale lero msewu wa Gorodi ndi makona ake aja umaliza galimoto. Mtundu wa makoma ndi mtundu wa nthaka yomwe yaimapo, n'chifukwa chake sizikangana ndi malo. Ku Chelinda pa Nyika anamanga ndi mitengo ya paini ya m'nkhalango yobzalidwa pomwepo, ndipo chipinda chilichonse chili ndi pamoto chifukwa June ndi July kumagwa chisanu choyera pa udzu. Kale anthu ankamanga ndi zapomwepo chifukwa chosowa lole. Ife malole tili nawo, ndiye tayamba kunyamula Dubai kupita naye kuphiri.

Mapulani_MW: @NyaKhondowe mfundo imeneyo ndi yomwe inatchukitsa Peter Zumthor ndi nyumba yosambiramo madzi otentha ya pa hotela ya ku Vals, ku Switzerland, mu 1996. Anaimanga ndi miyala yosemedwa yokwana pafupifupi 60,000 yokumbidwa m'chigwa chomwecho, theka la nyumbayo lili m'kati mwa phiri, padenga pamera udzu. Ukaima kumtunda umaona dambo. Ndipo nthawi imeneyo mwini wake unali mudzi womwewo wa Vals.

Injiniya_Wopuma: Koma mwanawe usawauze anthu kuti akwirire nyumba m'phiri ku Mulanje. A ku Switzerland ali ndi ndalama zotsekera chinyontho. Kuno chipinda chokwiririka chimanunkha nkhungu pofika February, mabulangete onse. Kwathu kuno nyumba ikwere m'mwamba, mphepo idutse pansi.

Mapulani_MW: Ndavomera bambo. Chitsanzo choyandikira nyengo yathu ndi Kandalama ku Sri Lanka, ya Geoffrey Bawa, inatsegulidwa mu 1994 pafupi ndi Dambulla. Ndi hotela yaikulu ndithu, ya zipinda zoposa 100, ndiye @MayiGeni_Limbe musati zobisala zonse ndi tizisakasa. Inatsamira thanthwe, mbali yaikulu inaima pa nsanamira kuti madzi a mvula ndi nyama zizidutsa pansi, thanthwe lenilenilo limalowa mpaka m'makhonde a m'kati, ndipo zomera zoyanga anazisiya zikwere makoma mpaka nyumbayo inasowa m'nkhalango. Koma pomanga panali mkangano waukulu. Anthu a m'deralo ndi amonke achibuda anachita zionetsero poopa kuti hotelayo iwononga damu lakale limene amathirira mpunga.

Gogo_wa_pa_Migowi: Ndipo anali ndi chifukwa. Nyumba ikhoza kubisala m'maso koma chimbudzi chake osabisala mumtsinje.

Injiniya_Wopuma: Agogo mwandilanda mawu. @Mwana_wa_Likhubula, malo anuwo ali patali bwanji ndi mtsinje? Madzi a Likhubula akumwa anthu a m'midzi yonse ya kumunsi, ndipo Blantyre Water Board inaika mapaipi otenga madzi omwewo kupita nawo ku Nguludi kuti amwe a mu Limbe. Thanki ya zonyansa pa nthaka yopyapyala ya pathanthwe siigwira ntchito ngati kuchigwa, zimangotsetsereka pamwala mpaka mumtsinje. Zimenezi akakufunsani a MEPA, bungwe la boma loteteza zachilengedwe, chifukwa lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito zoterezi ziunikidwe zisanayambe. Muonetsetsenso malire, phirilo ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927, ndipo mu July 2025 a UNESCO analiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse. Maso ambiri ali pamenepo tsopano.

Mwana_wa_Likhubula: Kamtsinje kakang'ono kali kumunsi kwa malowo, mwina mayadi 80. Mu pulani thanki aiika mbali yomweyo chifukwa ndi kotsika. Ndayamba kutuluka thukuta.

Mjoni_Weniweni: Ndiye matabwa mugwiritse mkungudza, chiswe sichidya, fungo lake ngati perefyumu. Ndili ndi munthu angakupezereni.

Potala_Wakale: Akulu, chonde. Munthu wanuyo ndi amene watimaliza. Mkungudza wa Mulanje sumera mwachilengedwe kwina kulikonse padziko lapansi, ndi mtengo wa fuko lathu, ndipo ine ndi maso angawa ndaona nkhalango za ku Lichenya ndi Sombani zikusanduka zitsa. Anyamata ankatsika ndi matabwa pamutu usiku ndi usana. Pano a Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anthu a m'midzi akubzala mbande, koma mtengo umenewu umatenga zaka makumimakumi kuti ukule. Loji yonena kuti imakonda phiri koma zitseko zake ndi za mkungudza wakuba, imeneyo ndi mfiti yolira pamaliro.

Admin_Zomanga: @Mjoni_Weniweni za "ndili ndi munthu" muno ayi. Chenjezo loyamba.

Fundi_wa_Zomba: Paini wothiridwa mankhwala ndi bulugamu zilipo zambiri, nsungwi ku Mulanje ndiye osanena. Njerwa zowotcha nazonso muziganizire, uvuni umodzi umadya mitengo yambiri, ndipo malamulo a 2018 a NCIC, bungwe loyang'anira zomangamanga, amaletsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi za bizinesi. Pali njerwa zopanikiza za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, mtundu wake umakhala wa dothi la pamalopo, simufunikanso penti. Pansi muyambe ndi miyala mpaka m'chiuno kuti mvula yodontha isanyambite khoma, denga litulukire kunja kwambiri, khonde lalikulu. Agogo athu ankamanga chomwecho ndi mdindo, khonde kuzungulira nyumba yonse.

MayiGeni_Limbe: Nanga chitetezo? Mwachotsa mpanda, mwachepetsa nyali. Mlendo wa Prado agona tulo?

Fundi_wa_Zomba: Waya ndi mpanda wa zomera, madzi amadutsa. Nyali zikhale zofiirira, zazifupi, zoyang'ana pansi panjira. Ndipo mlonda wabwino kwambiri ndi mudzi umene ukudya nawo. Ukalemba ntchito ana a pomwepo, ukamagula nanazi ndi mapeyala kwa amayi a pomwepo, wakuba amadziwika dzina asanafike pa geti.

MayiGeni_Limbe: Zokoma kumva. Koma holo ndiye isasowe, ndanena ndanenanso. Phiri silidzalipira ngongole ya kubanki mwezi wa February.

Mapulani_MW: Holo ikhale kumunsi kufupi ndi msewu kumene kuli kosalala kale, pamodzi ndi pooimika magalimoto. Zipinda zikwere m'mwamba pakati pa miyala, anthu azifikako wapansi. A msonkhano asangalala, wofuna bata nayenso samva jenereta ndi zokuzira mawu za ukwati.

Nesi_wa_ku_Leeds: Moni nonse. Ndine achemwali ake a munthu wakuyambitsa nkhaniyu. Achimwene, munaiwala kuti munandilowetsa nokha m'gulu muno chaka chatha?

Kalulu265: Mayo ine. Ndikukagula mbatata yootcha ndidzakhale bwino.

Nesi_wa_ku_Leeds: Ndawerenga zonse ndili pa basi kuchokera ku ntchito ya usiku. Ndinene zanga. Inu mukuseka nsanamira zoyera, koma ine ndinakulira m'nyumba yaudzu yodontha pamalo omwewo, tikusuntha mphasa usiku mvula ikagwa. Zaka 14 ndasambitsa nkhalamba za eni ake m'dziko lozizira. Ndinkafuna chinthu choti munthu akadutsa pamsewu anene kuti mwana wa uje anapita kunja ndipo anabwera nazo. Ndiye wina akandiuza kuti nyumba yanga ibisale, zimandipweteka penapake. Amene amakonda zobisala ambiri sanagonepo m'nyumba yodontha.

Koma za madzi zandiopsa. Freddy anatenga anthu amene ndinkawadziwa. Ndipo mwala wapakati uja ndi pamene amayi ankayanika ufa, sindinadziwe kuti mu pulani auphulitsa, ndinangoona chithunzi chokongola cha kutsogolo. Bambo injiniya, mungalole kukaona malowo? Ndikulipirani.

Injiniya_Wopuma: Ndingapite amayi, koma osati mwezi uno kuli gwaa. Ndikufuna ndikaime pamenepo mvula ikugwa, January, ndione madzi mmene akuyendera. Pakadali pano mchimwene wanu akayende ndi nkhalamba ziwiri za m'mudzimo, akhome zikhomo paliponse pamene anena kuti madzi anadutsapo mu 2023. Katapila asayandikire.

Nesi_wa_ku_Leeds: Zamveka. Miyala ikhale, masuku akhale, thanki isamuke. Za tinyumba tamiyendo ndikufuna ndione chojambula kaye, @Mapulani_MW ndilembereni kumbali. Koma nsanamira zanga ziwiri zokha pa holo ndiye musandilande.

Mwana_wa_Likhubula: Zinali zinayi, zatsala ziwiri. Achemwali, nanga zikakhala zamiyala osati zoyera?

Nesi_wa_ku_Leeds: Inu kakhomeni zikhomo. Ndipo ndalama ya thiransipoti imene ndinatumiza mwezi watha sindinamve kuti inathera pati.

Kalulu265: Admin, ulusi uno musautseke chonde.